Fumbi la Nyumba Khumi

LOLEMBA

Ndiyambe ndi funso limene aliyense wandifunsa lero, poti mwina wodzatola kope lino adzakhala nalonso: "Ndiye kuti kwathu n'kwauve?"

Ayi. Tizilombo ta m'fumbi sitisankha nyumba. Kwa abusa tiliko, kwa adokotala tiliko. Si nsikidzi. Sitiluma, ndipo ndi maso okha simungatione. Tili ndi miyendo isanu ndi itatu, ndi abale ake a kangaude ndi nkhupakupa. Chakudya chake ndi tizidutswa ta khungu louma timene munthu aliyense amayoyola pamene wagona kapena wakhala. Choipa ndi zitosi zake. Anthu ena akazipuma mphuno imayabwa, maso amafiira, ndipo wamphumu amabanika.

Tsono ntchito yanga sabata ino. Tiyamike, mwana wathu wamkazi, akupitiriza maphunziro a sayansi ku Zomba. Akufuna kuwerenga jinomu ya tizilomboti, ndiye kuti buku lonse la malangizo amene ali m'thupi mwake, aone ngati ta kuno kwathu tikufanana ndi ta kumayiko ena. Choyamba akufuna fumbi la m'matiresi a nyumba khumi za kuno ku Chilomoni, lokhala ndi tizilombo tamoyo, akatiwete mu labu tichuluke. Wandisiyira kamakina kokoka fumbi ndi timatumba khumi. Abwera Lamulungu masana kudzatenga.

"Adadi, mukwanitsa?"

Ndaphunzitsa bayoloje moyo wanga wonse mpaka kupuma. Mwanayu anasiya kundifunsa za sayansi ali Folomu 2. Ndavomera asanamalize kufunsa.

Chifukwa chimene anasankhira tizilomboti sananenepo, koma ndikuchidziwa. Amake ali ndi mphumu. Wakula akumva mluzu wa pachifuwa pawo chiperoni chikangoyamba.

Dongosolo:
1. Lero: kudziwitsa anthu a mu laini mwathu.
2. Lachiwiri ndi Lachitatu: nyumba zisanu, nyumba zisanu.
3. Lachinayi: kulemba manambala pa timatumba ndi zilembo zooneka bwino.
4. Masiku otsalawo: kupuma.

Ndazungulira nyumba zonse khumi. Ulemu umafuna kuti munthu aziyamba wadziwitsa. Onse avomera. Anthu abwino!

Amake Tiya, akusita malaya: "Bwanji osayamba ndi mpando wanuwo, bambo a Tiya?"

Ndaseka. Mpando wanga wa pabalaza ndinaugula chaka chimene Tiya anabadwa. Ndachongerapo mayeso a ana osawerengeka. Sutuluka panja chifukwa nsalu ingasuluke, sukunthidwa chifukwa mwendo wakumbuyo ndi wolumikiza. Komanso Tiya wati matiresi. Komanso kwathu n'koyera.

LACHIWIRI

Chiperoni chatha, phiri la Michiru likuoneka lonse. Dzuwa labwino.

Ndatuluka ndi kamakina m'chikwama, tayi pakhosi. Pofika pageti ndaima.

Laini yonse yayanika matiresi. Pa mpanda matiresi, pa denga la bafa matiresi, pa milu ya njerwa matiresi. Mabulangete pa chingwe chilichonse. Kumveka phu, phu, phu kuchokera kumtunda mpaka kumunsi ngati anthu akupuntha nyemba.

Nyumba yoyamba, kwa Mayi Namaona, amene amatsogolera amayi a kumpingo kwathu. Pansi pakuwala polishi wofiira, ndatsala pang'ono kugwa pakhomo. Matiresi akhala panja kuyambira tambala wachitatu, akuntha ndi mpini wa khasu mbali zonse ziwiri.

"Fufuzani, aphunzitsi. Mukalipeza mundiuze, ndidziwe mwana woti ndimukalipire."

Ndayendetsa kamakina mphindi ziwiri monga anandiuzira Tiya. M'kathumba muli ulusi umodzi wabuluu.

Ndafotokoza mofatsa kuti fumbilo ndikulifuna, kuti tizilomboti timafa ndi dzuwa, kuti tikauma sitingawetedwe. Amvetsera bwino lomwe, mutu akugwedeza.

"Ndiye mlendo abwere, apeze nyumba yosasesa? Mukakauza amake Tiya, ine ndidzayenda bwanji mu laini muno?"

Nyumba zina zinayi, chimodzimodzi. Kwa a Sumaili, atelala a pakona, akolopa mpaka kuseri kwa kabati, malo amene mwini wake akuti sanawaonepo chilowereni m'nyumbamo.

Zimene ndabwera nazo:
ulusi wabuluu, umodzi;
tiyi, makapu asanu, onse a shuga wambiri;
mbatata yophika, yokulunga m'nyuzi;
fumbi, palibe.

Cholakwa n'changa. Ndakhala m'tauni ino zaka zambirimbiri, ndipo ndaiwala kuti ukauza mayi wa ku Chilomoni kuti mawa ubwera kudzaona pogona pake, waitana tsache.

LACHITATU

Dongosolo latsopano: kufika mosadziwitsa.

"Odi" wanga akumveka, nsalu ya pawindo ikugwedezeka, kenako mpando ukutuluka. "Khalani kaye pakhonde, aphunzitsi." Chitseko chikutsekedwa. M'kati ndikumva tsache.

Palinso china chimene ine ndi Tiya sitinachiganizire. Mwamuna salowa kuchipinda kwa eni ake. Ngakhale ine ndemwe, atabwera munthu ndi kamakina n'kunena kuti ndione pamene mumagona, ndikhoza kumufunsa kuti anakulira kuti. Ndiye matiresi ayenera kutuluka. Ndipo matiresi satuluka pamaso pa mlendo asanakunthidwe kuseri.

Podikira pakhonde pa nyumba yachitatu, amayi angapo asonkhana, Mayi Namaona ali pomwepo. Afunsa kuti kuwerenga kachilombo n'kutani. Funso labwino!

Ndati m'thupi mwa chamoyo chilichonse muli malangizo olembedwa pa kanthu kotchedwa DNA, ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwabwerezedwa m'mizere yaitali kwambiri. Makina sangawerenge mzere wonse nthawi imodzi. Ndiye tiyerekeze kuti mwatenga mabuku a nyimbo ambiri ofanana, mwawang'amba tizidutswa, mwathira m'dengu limodzi. Makina akuwerenga kadutswa kalikonse. Kenako kompyuta ikuona pamene mawu a kumapeto kwa kadutswa aka akufanana ndi a kumayambiriro kwa kena, n'kumalumikiza mpaka buku lonse libwerere. Bukulo likatheka, akatswiri amafufuzamo ndime zimene zimapanga zinthu zoyabwitsa anthu zija. Akazidziwa, kuyeza odwala kumaphweka, ndipo ofufuza mankhwala amadziwa pogwira.

Ndimayesa amva.

Mayi Namaona: "Buku la nyimbo sating'amba, aphunzitsi."

Koma tsikuli silinapite pachabe. A Likoswe, amene amalonda kusitolo m'tauni n'kumagona masana, amakhala okha m'chipinda cha lendi kuseri kwa a Sumaili. Akazi awo ali kumudzi ku Phalombe. Ndawapeza akutafuna mzimbe pakhomo.

"Lowani, tengani lonse. Mukafuna ndi la pansi pa bedi lomwe."

Matiresi a thonje akale, olemera ngati thumba la chimanga, sanaonepo dzuwa. Kamakina kachita kusintha mawu. Kathumba kadzaza theka, fumbi lotuwa, lofewa ngati ufa wosefa. Sindinaonepo fumbi lokongola chotere!

Ndalemba "Nyumba 1" ndi cholembera chofiira. Ndalisunga m'kabati, pamthunzi. Ndapita kukalionanso kawiri.

Amake Tiya: "Tsiku limene Tiya anabadwa simunamuyang'ane choncho."

LACHINAYI

M'mawa, ndisanamalize kumeta ndevu, "odi" pageti. Mayi wamfupi, chitenje chomanga mwamphamvu, dengu likadali pamutu. Kumbuyo kwake a Likoswe, maso pansi. Akazi awo afika ndi basi yoyamba kudzawasiyira ufa, ndipo nkhani aimva asanatule n'komwe.

Alonjera mwaulemu wonse. Afunsa za thanzi la m'nyumba muno. Kenako:

"Ndabwera kudzatenga fumbi la amuna anga."

Ndayamba kufotokoza za miyendo isanu ndi itatu. Andidula mofatsa.

"Bambo, ine sukulu sindinapite patali. Koma kwathu munthu akafuna kukuchita chipongwe amatapa dothi la pamene waponda. Phazi limodzi lokha. Inu mwatapa pamene amagona thupi lonse."

Kunena zoona, kwa munthu woonera pambali, kusiyana kwake n'kovuta kukuona: mwamuna wachikulire, kathumba, nambala ya nyumba yolembedwa ndi inki yofiira, n'kubisa m'kabati.

Ndakhuthulira fumbilo m'nyuzi, ndapereka. Alandira ndi manja awiri, aliika pansi pa dengu. A Likoswe pochoka anong'ona kuti mayiwo akuti akalibwezera pa matiresi pomwepo.

Timatumba todzaza: ziro.

Pofika masana nkhani yakula. Wogulitsa makala sanandiyankhe moni. Akuti aphunzitsi penshoni yawachepera, ayamba zokhwima.

Amake Tiya avala yunifolomu yawo ya Lachinayi, ayika kampope kawo ka mphumu m'chikwama. "Valani jekete. Mukalankhule ndi amayi tikatha mapemphero. Koma za kung'amba mabuku musakazitchulenso."

Ndalankhula pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Choko ndatenga kunyumba, bolodi ndabwereka la Sande sukulu. Ndajambula kachilombo kakakulu ngati kamba. Ndafotokoza chimene kamadya, pamene kamakonda, malo ofunda ndi achinyezi, ndi chimene kamachita pachifuwa cha mwana. Mayi wina wafunsa chifukwa chimene mdzukulu wake amayetsemula m'mawa uliwonse akangodzuka. Wina wafunsa za mapilo. Wina za mabulangete a pa kaunjika. Mafunso enieni. Sindinakhalepo ndi kalasi yotchera khutu chotere.

Kumapeto amake Tiya aimirira, atulutsa kampope kaja, aonetsa onse. "Mwana wanga akufuna kudziwa chimene chimanditseka ine. Nkhani ndi yomweyo basi." Akhala pansi.

Mawu awo ochepawo achita zimene bolodi langa silikanachita. Mayi Namaona apepesa m'malo mwa laini yonse. Atifunsa kuti tsono tizitani ndi tizilomboti. Ndayankha mokondwa: dzuwa, kuchapa zofunda ndi madzi otentha, kutsegula mawindo, kupukuta ndi kansalu konyowa m'malo mouluza fumbi ndi tsache.

Ndabwerera kunyumba ndikuimba.

LACHISANU

Ndaphunzitsa bwino mopitirira.

Utsi paliponse. Mbaula zonse za mu laini zili ndi ndowa pamwamba. Mabulangete akuwiritsidwa. Matiresi amene anapulumuka Lachiwiri atuluka lero. Ngakhale a thonje a a Likoswe ali pa denga, akazi awo aima pansi ndi nsungwi.

Mayi Namaona, manja ali thovu lokhalokha: "Tamva, aphunzitsi. Pofika mawa sikatsala ndi kamodzi komwe."

Ndafuna kunena kuti mukanadikira kaye mpaka Lolemba. Ndayang'ana mdzukulu woyetsemula uja atakhala pa mkeka, pilo wake ali pachingwe. Ndameza mawu.

Koma anthu sanandiiwale. Akudziwa kuti mwana wa aphunzitsi akufuna fumbi, ndipo munthu sabwerera chimanjamanja mu laini muno. Zimene zafika pakhonde pofika masana:
fumbi la pamsewu wopita kumsika, jumbo yodzaza;
zinyenyeswa za nsalu za pansi pa makina a a Sumaili;
phulusa, sindikudziwa wabweretsa;
dothi lofiira la kumunda, m'chitini cha mafuta, lochokera kwa akazi a a Likoswe, ndi uthenga wakuti ndalisefa kawiri, ndipo ili si la munthu aliyense ayi.

Ndathokoza onse. Ndathira pa maluwa.

Tiya waimba foni. "Zikuyenda, adadi?"

"Zikuyenda."

"Angati?"

"Anthu alandira nkhaniyi bwino kwambiri."

Wangoti, "Chabwino, adadi," mokoka mawu. Mwanayu amandidziwa.

Amake ati apite okha ndi kamakina kwa asuweni awo ku Zingwangwa, poti iwo kuchipinda akhoza kulowa. Ndakana. Munthu wamphumu kukaweramira pa matiresi a eni ake? Bola ndichite manyazi Lamulungu.

Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, ndalowa pabalaza wotopa, ndadziponya pa mpando wanga. Amake ali pa malo awo a nthawi zonse, pa kampando ka pambali panga, akusankha mpunga. Sipanapite nthawi, chifuwa chayamba. Kenako mluzu uja. Ndathamangira kampope, ndatsegula mawindo, ndawagwira paphewa mpaka mpweya utabwerera.

"Ndi fumbi la anthu akukuntha panjali," ndatero.

Andiyang'ana. Mpweya wolankhulira unali usanakwane.

LOWERUKA

Amake apita ku kwaya. Ndatsala ndekha ndi timatumba khumi topanda kanthu, kamodzi kolembedwa "Nyumba 1" n'kufufutidwa.

Ndaganiza zoyesa kamakina, mwina kanawonongeka. Ndayamba ndi matiresi athu. Pang'ono chabe. N'zosadabwitsa, amake amawatulutsa padzuwa Loweruka lililonse, ine ndili pa mpando ndikuwerenga nyuzi.

Ndapita pabalaza. Dzuwa likulowa pawindo, mzere umodzi wowala wadutsa pakati pa chipinda. Ndakhala pansi mwa nthawi zonse, mwamphamvu, kuti phwa.

Mu mzere wa dzuwa uja mwadzuka mtambo. Ukukwera, ukuzungulira, ukupita pang'onopang'ono kumanzere. Kumanzere ndi kumene kuli kampando ka amake Tiya.

Ndaimirira. Ndakhalanso. Mtambo wina.

Ndayesa kachitatu, chifukwa zotsatira za kamodzi kapena kawiri sitizikhulupirira.

Ndachotsa khushoni. Ndalowetsa kamakina m'mphepete, pamene nsana umakumana ndi pokhalira. Kalira ngati minibasi pa chitunda. Kathumba kadzaza mphindi ziwiri zisanathe. Kachiwiri. Kachitatu. La a Likoswe lija linali la ana.

Zina zimene zatuluka mu mpando:
zolembera zofiira zitatu;
makoko a mtedza;
batani la jekete imene inatha kalekale;
kariboni kachikasu ka kumutu kwa Tiya, ka ku Sitandade 1;
magalasi amene ndinanena kuti amake ndi amene anawataya.

Tsono chiyeso. Fumbi lilipo lokwana timatumba khumi. Cholembera chofiira chili m'manja. "Nyumba 1, Nyumba 2, Nyumba 3." Ndani angadziwe?

Tiya angadziwe, mwina osati Lamulungu, koma tsiku lina. Ndipo ndine amene ndinamupatsa ziro pa pulakitiko ali Folomu 2 chifukwa chokopera manambala a mnzake, analira njira yonse yobwerera kunyumba. Kuyambira pomwepo ndi pamene anasiya kundifunsa za sayansi.

Ndadzaza timatumba titatu. Pa kalikonse ndalemba: "Nyumba imodzi. Mpando wa adadi."

Kenako ndakhala pa sitepe ya khonde nthawi yaitali. Zaka zonsezi ndanena kuti ndi fumbi la kumsewu. Ndanena kuti ndi chiperoni. Ndanena utsi wa mbaula ya oyandikana nawo. Ndafotokozera mkazi wanga za mapapo ndi zojambula, nditakhala pa mpando umenewu. Sindikunena kuti mpando wokha ndi umene umawatseka, zimenezo n'za achipatala. Koma sindinaufunsepo.

Ndaukoka ndekha mpaka pabwalo. Mwendo wolumikiza uja wathyokera pakhomo. Pamene unali patsala chigamba cha simenti chosapakidwa polishi, chooneka ngati mapu.

Amake pobwera aima pageti. Ayang'ana mpando, ayang'ana ine.

"Tatiuzani, aphunzitsi, mwapeza chiyani pa kafukufuku wanu?"

"Munanena Lolemba."

"Ndinanena Tiya ali kumsana."

Alowa. Ndawamva akuseka kukhitchini, kenako akutsokomola pang'ono, kenako akusekanso.

LAMULUNGU

Kutchalitchi Mayi Namaona andipatsa moni wa manja awiri. Laini yonse ikudziwa kale. Mpando uli pabwalo poonekera, miyendo itatu ndi njerwa. "Musadandaule, aphunzitsi. Si uve. Munatiuza nokha."

Tiya wafika masana ndi kachikwama kozizira ndi maikulosikopu yaing'ono. Ndamuuza zonse, kuyambira pa tsache mpaka pa dothi losefa kawiri. Ndimayembekezera nkhope yogwa. Waseka mpaka wakhala pansi pa simenti.

Kenako watenga fumbi pang'ono, wayala pa kagalasi, wayang'ana nthawi yaitali. Wandikodola.

Tilipo. Toyera mbuu, tonenepa, tikuyenda pang'onopang'ono pakati pa ulusi ngati ng'ombe pa dambo. Ndawerenga miyendo. Isanu ndi itatu. Ndaphunzitsa za tizilomboti kangapo konse m'kalasi, lero ndi tsiku loyamba kutiona.

"Ndi tanu, adadi. Takulira pa inu. Agogo ake, agogo a agogo ake, onse adya inuyo."

Ndafunsa ngati nyumba imodzi ingathandize. Wati ayi, imodzi si khumi, ndipo aphunzitsi ake amuuza zomwezo mawa. Ayenera kuyambanso, ndipo ulendo uno apempha amayi kuti ndiwo atole okha m'nyumba zawo, pakatha milungu ingapo fumbi litabwerera. Koma izi n'zokwanira kuyamba kuweta ndi kuyesa ngati njira yake yotulutsira DNA ikugwira. Ndiye kuti buku loyamba limene adzang'ambe ndi kulumikiza ndi la alendi a mu mpando wanga.

Wauzanso amake kuti apite kuchipatala akafunse za kuyezetsa, tisamangoganizira. Amake avomera msanga. Kwa ine akanakana.

Pochoka wafunsa ngati ndingamuonere zimene walemba pa chiyambi cha lipoti lake, akuti Chingerezi chake chikukhota. Ndati ndiona ngati ndipeza nthawi. Zolembera zofiira ndili nazo zitatu.

Zotsatira za sabata:
nyumba zofunika, khumi;
nyumba zopezeka, imodzi, yanga;
matiresi oyera mu laini, onse;
mipando, palibe.

Ndikulemba izi nditakhala pa benchi ya thabwa. Ndi yolimba, nsana ukudandaula. Mpando ukhala pabwalo mpaka tione chochita nawo. A Likoswe aupempha kale, koma akazi awo akuti fumbi la mwamuna wina sililowa m'nyumba mwawo.

Amake ali pabalaza, akusita yunifolomu, akuimba nyimbo ya ku kwaya. Afika ndime yachinayi osaima. Tsiku limodzi si umboni, ndikudziwa. Ndikungomvetsera.

Wodzatola kope lino, ngati m'nyumba mwanu muli wina amene amatsokomola, musayambe ndi kwa oyandikana nawo. Dikirani m'mawa wa dzuwa, mzere wowala ukalowa pawindo, wotsokomolayo ali panja. Khalani pa mpando umene mumaukonda kwambiri, mwamphamvu pang'ono, n'kuyang'ana kumene mtambowo ukupita.